Masekondi Awiri a Haji Tayeb

Rkia anafika pa galaja ya bambo ake Lolemba m'mawa, maso ali psuu, mpango utapendekeka. Panali patatha zaka zisanu ndi chimodzi asanapondepo phazi. Mbarek anamuona bwinobwino, koma anapitiriza kupala pulagi ngati pakhomo pangoima mbuzi.

"Ababa, Hmad amugwira."

"Waba makasitomala a yani tsopano?"

"Musatero, ababa. Mwana wa a Haji Tayeb wagwa dzulo ku bwalo la mpikisano wa njinga zamoto. Anouar, wamkulu uja. Wathyoka msana, madokotala akuti sadzayendanso. A Haji auza apolisi kuti Hmad sanathire oyilo m'petulo, dala, chifukwa anakangana Loweruka. Akuti akagwira zaka khumi."

Mbarek anaika pulagi pansi. Hmad ameneyo anamutola ali wamamina, namuphunzitsa kugwira sipanala zaka khumi ndi ziwiri. Kuthokoza kwake kunali kutenga Rkia, n'kukatsegula galaja yake pa msewu wa ku Inezgane. Anyamata onse a tinjinga ta mpikisano anamutsatira ngati ntchentche pa mutu wa nsomba, Mbarek n'kutsala ndi tinjinga takutha ta ogulitsa buledi. Chiyambire tsiku limenelo ankadikira kuti tsoka lim'peze mkamwini wakeyo. Tsoka linafikadi, koma linalowera khomo lolakwika.

"Mwamuna wako ndi njoka," anatero akuvala mkanjo wake. "Koma njoka imeneyo ndinaiphunzitsa ndine. Angaiwale dzina la mayi ake, osati oyilo. Choka pakhomopo nditseke."

* * *

Njinga ya Anouar inali itatsamira khoma kuseri kwa polisi, chiwongolero chitapindika. Sajeni Zoubir anamulola Mbarek kuiona chifukwa nayenso anali ndi kanjinga kokalamba kamene kankadzuka ndi manja a mkuluyo okha.

"Nkhani yake njachidule, Maalem," anatero Sajeni, kumutchula monga amatchulira mmisiri wamkulu. "Injini inanoka mnyamata akukwera chulu chachikulu chija. Njinga inatsogoza mphuno, iye n'kugwera mutu. Aliyense akuti tinjinga timeneti tikasowa oyilo timatero."

"Aliyense ndani? Ndipatseni nyuziyo."

Mbarek anachotsa kapaipi ka thanki, nadonthezera petulo pa pepala. Anayembekeza. Petulo anauma, koma pa pepalapo panatsala banga lamafuta, lobiriwira.

"Ichi n'chiyani, a Sajeni? Malovu anga?"

"Oyilo."

"Oyilo. Tinjinga timeneti timamwa oyilo ndi petulo m'kapu imodzi. Hmad anasakaniza, ndipo anasakaniza bwino."

Kenaka anamasula pulagi. Pulagi ya injini yokhuta imakhala ya mtundu wa buledi wopsa bwino. Iyi inali yoyera mbee ngati fupa la galu wofa chaka chatha.

"Inafa ndi ludzu," anang'ung'udza Mbarek. Anagwada movutikira, maondo akulira, napendeketsa kabuleta, kachipangizo komwetsa injini mafuta. Atamasula nati ya pansi, anatulutsa kachitsulo kamkuwa, kakang'ono ngati njere ya chimanga, kokhala ndi kabowo pakati.

"Iyi ndi jeti. Mafuta onse amadutsa pa kabowo aka. Werengani nambala, maso anga anapita ndi utsi."

"170."

"Kuno kunyanja, mpweya uli wolemera chonchi, njinga iyi imafuna 182. Mukaika yaing'ono imathamanga ngati yapenga, inde, koma mafuta akuchepa, oyilo akuchepa, moto ukukula. Kenaka pisitoni imakakamira."

"Ndiye kuti Hmad anaika jeti yolakwika. Mlandu ndi womwewo, Maalem."

Mbarek anaitembenuza jetiyo padzuwa. M'mbali mwake munali mabala a mano a pulayala. Anaitembenuzanso, kufunafuna china chake, koma sanachipeze.

"Mwana aliyense amene anadutsa m'manja mwanga amadula timizere tiwiri ndi tupa pa jeti imene waika. Hmad ndinamumenya mbama zitatu kuti azolowere. Pano palibe mzere. Ndipo makaniko sagwira mkuwa ndi pulayala, a Sajeni. Amene anaika aka ndi munthu wa manja ofewa. Jeti ya Hmad ili m'thumba la winawake."

* * *

Hmad anali atakhala pansi m'chitolokosi, nsapato atamulanda. Ataona apongozi ake anadzambatuka.

"Maalem! Mulungu akudalitseni, ine ndimadziwa kuti…"

"Khala pansi. Sindinabwere kudzakuona nkhope. Munakangana chiyani Loweruka?"

"Jeti, Maalem. Masabata awiri apitawo tinali ku mapiri a Ifrane. Kumeneko mpweya ngwopepuka, ndinaika 170 m'njinga zonse ziwiri, ya Anouar ndi ya Younes, mng'ono wake. Zinauluka. Tabwera kuno ndabwezera 182, a Haji akuti iyayi, wotchi yanga sinama, bwezera zija. Ndinawauza kuti itentha. Ndinalumbira pamaso pa anthu, bwalo lonse linamva. Iwo akuti ndiwe waulesi ngati amene anakuphunzitsa."

Nsidze za Mbarek zinagwedezeka. "Anatero?"

"Anatero, Maalem."

"Pitiriza."

"Mukuwadziwa mmene amachitira. Njinga ziwiri zofanana, anagula tsiku limodzi. Chilichonse chatsopano, kaya paipi, kaya matayala, amayamba ayesa pa njinga imodzi, inayo osaikhudza, n'kumayerekeza liwiro lake ndi wotchi. Chikathamanga amaika kwa Younes."

"Amayesera pa ya yani?"

Hmad anayang'ana pansi. "Ya Anouar. Nthawi zonse. Mayi ake aja a Haji anawasudzula kalekale. Younes ndi wa mkazi wamng'ono."

"Dzulo njinga unazisiya zokha?"

"Kanthawi kochepa, asanayambe kuyeserera. Ndinakadya kwa mayi Ijjou. Mimba inkandipota ndi njala, Maalem."

"Mimba. Ndinakuuza kangati kuti tsiku la mpikisano makaniko amadya ataimirira pambali pa njinga? Bokosi la majeti linali kuti?"

"M'galimoto ya a Haji. Munalinso majeti atsopano, oti sindinawagwirepo."

Mbarek anatembenuka kuti azipita.

"Maalem, Rkia ali bwanji? Ana?"

"Akulira. Ukanafuna aziseka?"

* * *

Bwalo la njinga linali m'khwawa louma kunja kwa Aït Melloul, mchenga ndi zulu zoumbidwa ndi thirakitala. Mayi Ijjou, amene ankagulitsa tiyi ndi buledi wa mazira pamenepo, anali akutsuka matambula.

"Ee, taonani amene watulukira! Mbarek! Ndimayesa munafa, ndinangodabwa kuti maliro ake sanatiitane."

"Ndikadzafa inu musadzabwere, mudzagulitsa tiyi pamanda. Hmad anadya pano dzulo?"

"Anadya, mwana wosauka. Mazira awiri, n'kumadandaula kuti mchere wachepa. Mchere wachepa! Ine ndakhala ndikukazinga mazira iye asanabadwe. Anakhala pa benchi ilo, msana atalozetsa ku njinga zake. Ine ndiye ndinkayang'ana kumeneko."

"Munaona chiyani?"

"Ine? Ine ndimaona matambula anga. A Haji aja ali ndi minda ya malalanje mpaka ku Taroudant, ine ndili ndi mbaula imodzi." Anatsitsa mawu. "Komatu mkanjo woyera ukadetsedwa m'maondo umaoneka, Mbarek. A Haji anabwera kudzapempha madzi osamba m'manja. Akununkha petulo! Munthu amene ngakhale chitseko cha galimoto amachita kum'tsegulira. Koma ine sindinanene kanthu. Kupolisi sindipita, mwamva? Imwani tiyi uyu, mwauma ngati chingwe."

Pafupi ndi chulu chachikulu panali Bouchaib, woimika mbendera pa mpikisano, akusalaza mchenga ndi fosholo. Anali munthu wa mawu ochepa, wodula nkhani ngati akulipira liwu lililonse.

"Inkalira moipa," anatero. "Ngati misomali m'chitini. Ulendo wachiwiri wozungulira bwalo ndinamva. Utsi kunalibe."

"Mnyamatayo sanamve?"

"Anamva. Anatsitsa liwiro, n'kuloza injini. Bambo ake anali apo, pa mwala uwo. Anamukupizira dzanja. Pita, pita."

"Ndiye?"

"Ulendo wachinayi. Phii! Chete. Anagwa apa." Bouchaib analoza ndi fosholo. Mchenga unali utasalazidwa kale. "Tonse tinathamanga."

"A Haji nawo?"

Bouchaib analavula. "Anayamba adina wotchi. Anaiyang'ana. Kenaka anathamanga."

* * *

Mbarek ndi Sajeni Zoubir anawapeza a Haji Tayeb m'khonde la chipatala, atakhala pa mpando, mikanda ya mapemphero ili m'manja, abale atawazungulira. Younes, mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, anaimirira payekha pawindo. Maso ake anali ngati a munthu amene sanagone chiyambire Lamulungu.

"Maalem Mbarek," anatero a Haji ndi mawu oleza, osalala ngati mafuta. "Mwabwera kudzapepesera mkamwini wanu? Musavutike. Ine ndamukhululukira pamaso pa Mulungu. Koma lamulo ndi lamulo."

"M'thanki muli oyilo, a Haji," anatero Sajeni Zoubir. "Tayesa."

"Ndiye kuti anali wochepa. Ine ndimadziwa malalanje, bwana, za injini sindizidziwa."

"M'kabuleta tapezamo jeti ya 170," anatero Mbarek. "Ija munkaifuna Loweruka, Hmad n'kukana bwalo lonse likumva."

Mikanda inaima pang'ono, kenaka inayambanso kuyenda.

"Kaya anasintha maganizo, ndi zake. Ndipo jeti imeneyo ilibe vuto. Ku Ifrane ana anga anathamanga nayo tsiku lonse. Inu amisiri akale mumaopa liwiro, n'chifukwa chake mukukonza tinjinga ta buledi. Mwana wanga wamupundula ndi oyilo, osati jeti."

"Dzulo m'mawa, Hmad akudya, inu munali kuti?" anafunsa Sajeni.

"M'galimoto, ndikuyankhula pa foni ndi anthu a ku doko. Younes anali nane. Si choncho, mwananga?"

Younes sanatembenuke. "Ndi choncho, ababa."

Ali panja, Sajeni anapukusa mutu. "Zatha, Maalem. Mayi wa mazira sadzachitira umboni. Mabala a pulayala woweruza adzangowaseka. Mwana akuikira bambo ake kumbuyo. Hmad apita kukhoti Lachinayi."

Mbarek anayang'ana kuwindo la m'mwamba. Mnyamata uja anali chiimire, dzanja lamanja litalowa m'thumba la jekete, likufinya kanthu. Nthawi yonse imene anali m'khondemo dzanjalo silinatuluke. Galu wamkota sakandira pachabe.

"A Haji amakonda kuyerekeza," anatero. "Aitaneni ku bwalo Lachitatu m'mawa, kusanatenthe. Abwere ndi njinga ya Younes. Abwerenso ndi wotchi."

* * *

Lachitatu kunacha ndi nkhungu yochokera kunyanja, mphepo yozizira yolowa m'mafupa. Mpweya wotere injini imaukonda, ndipo ndi womwewo umaipha ikamanidwa mafuta. Mayi Ijjou anayatsa mbaula yawo ngakhale silinali tsiku la malonda. Bouchaib anaima pa chulu ndi fosholo yake.

"Nkhani ndi iyi, a Haji," anatero Mbarek, akuonetsa kachitsulo kaja pachikhatho. "Inu mukuti jeti iyi njabwino, cholakwa ndi oyilo. Ine ndikuti yapundula mwana wanu ndi iyi. Njinga n'zofanana. Oyilo musakanize nokha, muthire mmene mungafunire. Ine ndiika jeti iyi m'njinga ya Younes. Azungulire kasanu, mwamphamvu, mpaka pa chulu chija. Akamaliza bwino, a Sajeni alemba kuti Hmad ndi wolakwa, ine ndisainira."

"Maalem," ananong'ona Sajeni, "izi sitinagwirizane."

"Khalani chete. Akana. Palibe bambo angavomere."

Mbarek anagwada pambali pa njingayo, msana wake utaphimba manja. Anamasula, anamanga, napukuta zala pa mkanjo. Kenaka anaimirira n'kuwayang'ana a Haji m'maso. Ankadikira liwu limodzi lokha, iyayi. Liwu limenelo likanatanthauza kuti a Haji ankadziwa chimene jeti imeneyo imachita.

A Haji anayang'ana Sajeni. Anayang'ana Bouchaib ndi mayi Ijjou. Anayang'ana chulu. Pomaliza anayang'ana mwana wawo wokondedwa, amene anamugulira chilichonse chimene chinapambana pa msana wa mkulu wake.

"Vala chipewa, Younes."

"Ababa?"

"Wamva. Kasanu kokha. Usandichititse manyazi pamaso pa anthu awa."

Mayi Ijjou anagwira pakamwa. Younes anavala chipewa, namanga lamba. Anakwera, naponda kamodzi, injini n'kulira, kulira kowonda, kokwera, kumene Bouchaib anakuzindikira pomwepo mpaka anaponya fosholo pansi. Mnyamatayo anacheukira kwa bambo ake komaliza. Mwina ankayembekeza kuti aona dzanja likumuletsa.

Dzanja linakweradi. Linali ndi wotchi, chala chili pa batani.

Younes anazimitsa injini. Panagwa bata moti mafuta a mazira ankamveka kuthetheka pa mbaula. Anavula chipewa, natsika, njinga n'kuisiya igwe pamchenga. Anapisa m'thumba la jekete, napita kwa Sajeni, natambasula dzanja. Pachikhatho panali jeti yamkuwa. M'mbali mwake munali timizere tiwiri ta tupa.

"Ya a Hmad ndi iyi," anatero. "Ine ndinagwira njinga, ababa akumasula ndi pulayala ya m'galimoto. Anandipatsa kuti ndisunge. Anati tiyese kaye kwa Anouar, ikapirira tiika kwa iwe pa mpikisano. Ndinawauza kuti a Hmad anati itentha. Anati n'chifukwa chake tikuyesera kwa Anouar."

"Younes!" anakuwa a Haji. "Ndine bambo ako!"

"Anouar bambo ake ndani?" anafunsa Younes.

Sajeni anawagwira a Haji pamkono, mwaulemu, monga amagwirira anthu a minda ya malalanje. Akudutsa pafupi ndi Mbarek, a Haji anaima. Nkhope yawo sinali ya munthu wolapa. Inali ya munthu amene walandidwa chigonjetso.

"Koma inathamanga, Maalem," anatero. "Ulendo wachitatu anadula masekondi awiri. Awiri athunthu! Sanathamangepo chotero chibadwire. Onani nokha, sindinafufute."

Anamusonyeza wotchi ija. Mbarek sanaiyang'ane.

Sajeni atawatsekera a Haji m'galimoto anabwerera, akupukuta thukuta ngakhale kunkazizira. Younes anali atakhala pa benchi la mayi Ijjou, mutu uli pakati pa maondo, tiyi akuzirala pambali pake.

"Mwandiopsa, mkulu inu," anatero Sajeni akuseka mosakhazikika. "Mtima unatsala pang'ono kutuluka. Koma mwachenjera. Simunaikemo, eti? Munangonamizira, jeti yabwino ili momwemo."

Mbarek anadzutsa njinga ija, naitsamiritsa pa mwala. Anagwada, maondo akulira, namasula nati ya pansi pa kabuleta. Kachitsulo kanagwera m'dzanja lake. Anakapereka kwa Sajeni.

"Umboni wanu uwo. Musautaye."

Sajeni anakayang'ana. Mabala a pulayala. Nambala 170. Kuseka kuja kunauma pamilomo.

"Maalem… nanga mnyamatayo akanapita? Akanafika pa chulu chija?"

Mbarek anapukuta sipanala yake bwinobwino, mbali zonse, naibweza m'thumba la mkanjo.

"Hmad akanatulukabe," anatero.